Kaulusi Koyera ka Mayi Halo

Dzina lakuti Mayi Halo analitenga ku ntchito, ndipo linawakakamira mpaka la makolo awo linaiwalika. Utsikana wawo wonse ndi umayi womwe unathera pa bolodi la matelefoni la kampani ina yonyamula katundu, m'kachipinda kopanda zenera kunsi kwa masitepe, mahedifoni ali kumutu, dzanja ili likuzula chingwe, linalo likusomeka. "Halo, ndikupatseni ndani?" Kuyambira polowa mpaka poweruka, nyimbo inali yomweyo. Munthu ankamuzindikira ndi kutsokomola kokha: bwana wamkulu, mkazi wa bwana wamkulu, ndi wina uja amene sanali mkazi wa bwana wamkulu koma ankaimba kuposa mwini wakeyo. Manambala onse anali m'mutu. Madalaivala akaledzera kutali ankaimbira iwo kuti awakumbutse nambala ya kunyumba kwawo komwe. Ngati panali chinthu chimene mayiwa ankanyadira padziko pano, si nkhope ayi, si zovala, koma mutu wawo.

Kenaka kunabwera makina olumikiza okha mafoni. Kampani inawapatsa wotchi ya pakhoma, anzawo anawomba m'manja, basi, pitani mukapume. Khutu lakumanzere analisiya komweko, linali litatha ndi kulira kwa mahedifoni. Lakumanja linatsala lakuthwa, koma anthu ankaiwala zimenezo n'kumawanena ali pompo.

Nyumba anamanga ndi malemu amuna awo, njerwa imodziimodzi. Bambowo atamwalira, mwana wawo wamwamuna, kalaliki wa m'sitolo ya zomangira, anabwera ndi mkazi wake, akuti kudzawasamalira. Kusamalira kwake ndiye kumeneku: poyamba anawapempha chipinda chachikulu, poti munthu mmodzi bedi lalikulu n'lachiyani, kenaka anawasunthiranso kuseri, m'chipinda chimene kale munkakhala makasu ndi mabeseni. Mayi Halo sanadandaule. Chipindacho chinali ndi zenera loyang'ana pabwalo pamene panali mtengo wa mandimu, ndipo chitseko chake ankatsegula ndi kutseka okha, popanda wowafunsa kuti mukupita kuti.

Mpongozi wawo tisamunamizire, sanali munthu woipa. Anali mkazi wosadziwa kukhala pansi, woweta nkhuku n'kumagulitsa anapiye. M'kolido, chogundana ndi khoma la chipinda cha kuseri chija, anaikamo makina ofungatira mazira: bokosi loyera lofika m'chiuno, la kafani kong'ung'udza osapuma, ndi kanthu kena m'kati kolira kuti "tha!" kakamayatsa kapena kuzimitsa kutentha. Bokosi limenelo ankalisamala kuposa mwamuna.

Ndiye tsiku lina khutu lakumanja lija linagwira zimene silinayenera kugwira. Mwana ndi mpongozi anali kukhitchini, akulankhula motsitsa.

"Amayi mutu wayamba kuthawa," anatero mwanayo. "Ndalankhula ndi achemwali. Akuti kwawo kuli wantchito tsiku lonse, angamawayang'anire."

Kwa mwana wawo wamkaziyo Mayi Halo ankakudziwa bwino. Nyumba yosanjikizana pakati pa tauni, pamwamba penipeni, mazenera a zitsulo, chipinda chogona ndi adzukulu, ndi chitseko chimene makiyi ake amayenda m'thumba mwa wantchito. Anakhala pabedi ndwii, manja ali pamaondo. Mutu kuthawa? Wawo uwu? Chifukwa choti anapeza magalasi awo mufiriji kamodzi kokha? Asa! Anapsa mtima mpaka tiyi anazizirira m'kapu.

Mawa lake ananyamula wailesi yakale ya amuna awo kupita nayo kwa Wamawailesi wa pakona. Sikuti inali itafa ayi, ankangofuna chotulukira panyumba. Wamawailesi anali nkhalamba inzawo, yowonda, ya magalasi omanga ndi waya, yokhala pakati pa mawailesi akufa amene eni ake anasiya kalekale kudzawatenga. Kuseri kwa kauntala kunali kompyuta yakale, pa sikirini pake pakuyenda zinthu zotuwa ngati phulusa, kuchokera kumanja kupita kumanzere, pang'onopang'ono moti munthu ukanagona uli chiimire.

"Kanema wanuyu wafa, bambo," anatero Mayi Halo.

"Sanafe, mayi. Ndikumvetsera."

"Ndi maso?"

"Ndi maso."

Poti makasitomala kunalibe, anawakokera mpando n'kuwafotokozera. Kunsi kwa mawailesi onse amene timamverapo nyimbo ndi nkhani, kuli mafunde ena aatali kwambiri, apansi penipeni, kumene kulibe woimba kapena wolengeza. Kumeneko kumasewera anthu ochepa okonda za wailesi, aliyense pakhomo pake, ndi zipangizo zolumikiza yekha. Mphamvu yawo ndi yochepa zedi, moti mawu sangafike patali, ngakhale kulira kwa "tii" khutu silingakugwire. Ndiye amatumiza dzina lawo la pa wailesi ndi timizere, kena kakafupi kena kakatali, mochedwa kwambiri, kamzere kamodzi mpaka munthu kupuma kangapo. Kompyuta ndi imene imatolera tizidutswato n'kujambula kaulusi koyera pakati pa phulusalo. Panali mphunzitsi wina wopuma ntchito, m'tauni ina kuseri kwa mapiri, amene ankatumiza Lamulungu lililonse m'mawa.

"Amatumizira ndani?" anafunsa Mayi Halo.

"Aliyense amene angagwire."

"Nanga pakapanda wogwira?"

"Amatumizabe."

Apa ndi pamene panawalasa. Iwo pa bolodi paja foni sinkalira n'kutopa yokha osayankhidwa. Ndiye kuti munthu azingoitana sabata ndi sabata, popanda ndi mmodzi yemwe womuuza kuti ndakumvani? Aaa, zimenezo ayi.

"Inuyo munamugwirapo?"

"Kale. Chitsegulireni sitolo ya mafoni apa pafupi, palibe. Tchaja chilichonse, babu lililonse la masiku ano limakuwa kumafunde amenewo. Ife sitimva, koma ichi chimamva. Kuno kwatha, mayi. Kwanu kuli bwalo, tengani mukayese. Koma ndikuuziranitu, mukangotaya nthawi yanu."

Anawapatsa kabokosi kolandirira mafunde, kompyuta ina yothothoka mabatani, batire, ndi mpukutu wa waya wa kopa. Eriyo yake inali yoti akapange okha: atenge fulemu ya zenera lakale, akulunge wayayo mozungulira m'mbali mwake kambirimbiri, mzere uliwonse utagona bwino pambali pa unzake osakwerana, kenaka aiimike m'mphepete mwake mutaloza kumapiri. Fulemu anaipeza kuseri kwa khola. Anakulunga masiku angapo atakhala pansi pa mandimu, waya ukuwacheka zala, akalakwitsa n'kumasula zonse kuyambiranso. Dzina la timizere la mphunzitsi uja Wamawailesi anawaphunzitsa powagogodera pa kauntala, iwo n'kumaligogoda pabondo mpaka linakhazikika. Analigwira msanga, ndipo anadzifunsa monyada kuti kodi mutu wothawa ungagwire zimenezi.

Koma abale inu, palibe chimene chinawaonetsa ngati osokonezeka kuposa chimenechi. Taganizani: mayi wamkulu akuzungulira pabwalo ndi fulemu yopanda galasi, kuitembenuzira uku, kuthamangira m'nyumba kukasuzumira, kubwereranso kudzaitembenuza pang'ono. Pa sikirini phulusa lokhalokha ndi mizere yonenepa ya phokoso. Wamawailesi anawauza kuti phokoso amalisaka ngati khoswe, pozimitsa chinthu chimodzichimodzi kuti uone mzere umene wasowa. Ndiye anayambapo. Kuzula tchaja cha mwana wawo foni isanadzaze. Kumasula babu la pakhonde. Kuzimitsa kanema anthu akuonera mpira. Anafika mpaka pokagogoda kwa oyandikana nawo kukafunsa kuti firiji yanu ndi ya mtundu wanji. Wowotcherera zitsulo wa tsidya la msewu anawaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mayi Halo, kodi tsopano mukuimbira foni akufa? Mukawapeza bambo anga muwauze kuti wilibala ija ndinaipeza!"

Loweruka lina mwana wawo analowa m'chipinda muja n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Amayi, anthu akutiseka."

"Asiye aseke, mano ndi awo."

"Mumakhala m'mawa wonse maso ali pa chinthu chopanda kanthu. Mukuona chiyani pamenepo?"

"Palibe. Koma chilipo. Kuli munthu amene akutumiza."

"Munthu wake uti? Munamuonapo?"

"Iwe, ine moyo wanga wonse ndagwira ntchito ndi anthu osawaona. Sukulu yakoyo unaphunzira ndi mawu a anthu osawaona." Anamuyang'ana m'maso. "Za kwa mchemwali wako ndinazimva. Khutu ili ndi lamoyo. Ndikadzakuonetsa dzina la munthuyo litalembeka apa, udzati chiyani?"

Mwanayo anazyolika, manyazi atamugwira. "Mukadzandionetsa, amayi, ndidzapepesa. Nkhani yosamukayo idzathera pomwepo."

Iye anangonena kuti apeze potulukira, koma mayi ake anawatenga mawuwo ngati lumbiro.

Miyezi inapita. Mvula inatha, kunalowa kuzizira. Lamulungu m'mawa wowotcherera sankatsegula, apanyumba ankapita kopemphera, ndipo Mayi Halo ankatsala n'kuzimitsa zonse zimene akanatha kuzimitsa. Lamulungu lililonse ankakhala pansi ndi chiyembekezo, n'kudzadzuka masana msana ukuwawa, m'manja muli zii. Nthawi zina nawonso ankakayika. Mwina mphunzitsiyo anamwalira kalekale ndipo palibe anauza Wamawailesi. Mwina waya anaukulunga molakwika. Komabe mizere yonenepa ija inkasowa umodziumodzi, mpaka panatsala phokoso limodzi lokha, loipitsitsa: chimtambo chotuwa chokhala pamalo enieni pamene kaulusi kankayenera kudutsa, ndipo nthawi ndi nthawi chimzere choyera chodula sikirini yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Fulemu anaisunthira kumapeto kwenikweni kwa bwalo, koma sizinathandize. Lamulungu lina anaona chimzerecho chikutulukira, nthawi yomweyo khutu linamva kuseri kwa khoma kuti "tha!" Anadikira. "Tha!" chimzere china. Khoswe uja anali bokosi la mazira la mpongozi.

Anayesa kupempha mwaulemu. "Apongozi, bokosi lanuli simungalisunthire kukhitchini?"

"Amayi, kukhitchini kuli utsi ndi moto, mazira sangaswe. Malo ake ndi pomwepa. China chilichonse zimitsani, ine sindilankhula, koma ili lokha chonde ayi."

Wamawailesi atamva anakanda m'mutu, n'kulankhula akuyang'ana kumbali. "Ngakhale mutalisuntha, phokoso lake limayenda m'mawaya a nyumba. Mankhwala ake ndi kuzimitsa basi. Pajatu nkhuku yeniyeni nayonso imadzuka pamazira kukadya, kanthawi kochepa sikapha dzira. Koma ine sindinanene kanthu."

Mwayi unabwera ndi ukwati wa mng'ono wake wa mpongozi, ukwati wakutali, ulendo wonyamuka Loweruka n'kudzabwera Lolemba. Mwana ndi mkazi wake anakangana za kuwasiya okha, mpaka anagwirizana kuti masiku awiri si kanthu. Asananyamuke, mpongozi anawagwira dzanja n'kupita nawo pa bokosi lija. Mazira anali atatsala pang'ono kuswa, mathireyi onse odzaza, anapiye ake anthu anali ataitanitsa kale.

"Musavutike ndi china chilichonse, amayi. Madzulo muzingothira madzi m'kambale aka. Basi."

Lamulungu kunacha kozizira koopsa. Mayi Halo anazimitsa firiji, anamasula babu la pakhonde, anazula chilichonse chokhala ndi chingwe, n'kudzaima pa bokosi. Anaima nthawi ndithu. Kanthawi kochepa chabe, anadziuza choncho, dzina likangotha kulembeka ndiyatsa. Anadina swichi ya pakhoma. Kafani kanaleka, nyumba yonse inangoti zii.

Pa sikirini chimtambo chija chinayenda kulowera kumanzere mpaka chinatuluka. Pambuyo pake panabwera phulusa losalala, lofanana paliponse, limene anali asanalionepo. Anadikira atafunda bulangete, zala zitauma ndi mphepo. Ndiyeno kumanja kwenikweni kunatulukira kanthu. Kowonda, kotuwa mbuu, koti ukaphethira ungakataye. Kanatalika, kanatalika, kanaduka. Kanabwera kena kakafupi. Kenanso kakatali. Dzanja lawo linayamba lokha kugogoda pabondo, ndipo zimene linkagogoda ndi zomwezo zimene zinkatuluka. Ndi iyeyo! Mphunzitsi wa kuseri kwa mapiri anali wamoyo, ankaitanadi.

"Ndakumvani, bambo," ananena mokweza, misozi ikutsika. "Ndakumvani."

Anadina batani losunga chithunzi monga Wamawailesi anawaphunzitsira, n'kudinanso kuopa kuti mwina silinagwire. Chimwemwe chake, inu! Anavala nsapato, juzi motembenuza, liwiro la ukalamba kulowera pakona kuti akauze Wamawailesi, osakumbukira kuti Lamulungu satsegula. Anaima pa chitseko chotsekacho akuseka okha, n'kubwerera pang'onopang'ono, akukonza mawu amene adzauze mwana wawo. Sadzamunyoza ayi, adzangomulozera ndi chala n'kukhala chete, kuti apepese yekha. Atafika anayatsa firiji, anabwezera babu, anaphika tiyi. Madzulo anathira madzi m'kambale ka m'bokosi muja monga mpongozi anawauzira, n'kutseka bwinobwino kachitseko kake.

Apaulendo anafika Lolemba dzuwa litapendeka. Mayi Halo anawachingamira pageti.

"Bwera udzaone! Usavule n'komwe nsapato."

Anamukokera mwana wawo kuchipinda cha kuseri, mpongozi akulowa ndi zikwama m'kolido. Chithunzi chinali chili kale pa sikirini.

"Apa. Kakatali aka. Kakafupi aka. Ukuona? Limeneli ndi dzina la munthu."

Mwanayo anawerama, anasuzumira, anapukuta maso. Asanatsegule pakamwa, m'kolido munamveka mfuu.

"Mayo ine! Mayo ine, mazira anga!"

Anapeza mpongozi atagwada pa bokosi, dzanja lili m'kati. Mazira onse anali ozizira ngati miyala. Swichi ya pakhoma inali yozimitsa.

"Ndinayatsa," anatero Mayi Halo. "Ndinazimitsa kanthawi kochepa, inde, koma ndinayatsa. Ndikukumbuka. Ndinayatsa ndi chala ichi."

Mwana wawo anatambasula dzanja n'kudina swichiyo, kafani kanayamba pomwepo kung'ung'udza.

Mpongozi anatulutsa mathireyi pabwalo. Anaswa dzira limodzi: mwanapiye wathunthu, wa nthenga zonyowa, kamlomo kali kale pa chigoba, wakufa. Anaswa lina, chimodzimodzi. Linanso. Sanakuwenso, sanatukwane, ndipo bola akanatukwana. Ankangoswa n'kuponya m'ndowa, misozi ikugwera pa chitenje. Mwamuna wake anatenga foni n'kuzungulira kuseri kwa khola, koma khutu lakumanja lija linamutsatira komweko.

"Ee, achemwali. Ayi, sizikutheka. Loweruka lomweli."

Mayi Halo anakhala pa sitepe ya khonde n'kuyamba kufufuza m'mutu mwawo. Firiji anaipeza. Babu analipeza, tiyi, kambale ka madzi, zonse zinalimo mwadongosolo. Chala chili pa swichi anachionanso bwinobwino, ndipo akanatha kulumbira pamaso pa aliyense kuti anayatsa. Pamenepo ndi pamene mantha anawagwira, mantha enieni. Sanali mantha a mazira kapena a Loweruka. Chinawaopsa n'chakuti ankakumbukira bwino lomwe chinthu chimene sichinachitike. Ndiponso madzulo aja anatsegula bokosilo, analowetsa dzanja m'malo ozizira, opanda phokoso, n'kutseka osazindikira kanthu.

Anadzuka n'kupita pamene panali mpongozi, n'kugwada pambali pake, maondo akulira.

"Apongozi, ndakulakwirani, ndipo ndilibe pogwira. Koma ndiuzeni zoona, musandibisire. Aka n'koyamba?"

Mpongozi anapukuta manja, n'kuyang'ana m'ndowa.

"Ayi, amayi."

"Nenani."

"Sitovu ndaipeza kangapo ikuyaka, poto atapserera. Geti mumalisiya lotsegula, nkhuku mpaka kumsewu. Mwezi watha munandiitana dzina la malemu mng'ono wanu tsiku lonse, ine ndinkangoyankha." Anatola dzira lina. "Tinkabisa kuti mungadandaule."

Mayi Halo anagwedeza mutu. Anadzuka atagwirira ndowa, n'kulowa m'nyumba.

Patapita kanthawi mwana wawo anawapeza kuchipinda, sutikesi ili pabedi, akupinda zovala. Kompyuta inali ikadali yoyaka. Anaima pakhomo ngati mlendo.

"Amayi, chithunzi chija. Ndaona ngati pali timizere ndithu. Mwina munkanena zoona."

"Si mwina. Munthuyo alipo, ndipo ndamugwira ine, ndi waya wokulunga ndekha. Koma iwenso sunaname, mwana wanga." Anaika diresi m'sutikesi, n'kulisalaza ndi dzanja. "Zinthu izi ukabweze kwa bambo wa pakona uja, umuonetse chithunzicho, ndi yekhayo amene angasangalale nacho. Tsopano tamvera, ndinene lero mutu udakali nane. Loweruka likafika, mwina ndidzakhala nditaiwala zonsezi. Ndidzalira, ndidzakutukwana, ndidzati ukundithamangitsa m'nyumba mwanga ndili bwinobwino. Usadzandimvere. Udzangondinyamula."

Mwanayo anatuluka, dzanja lili kumaso. Iwo anatenga juzi lina n'kupitiriza kupinda.